Kodi UPS idule magetsi nthawi yanji pamene kompyuta ikuzima?

Funso: Ndili ndi seva yaing'ono ya Linux yosungiramo mafayilo, komanso kompyuta ina yachiwiri, ndipo zonse ziwiri zimalandira magetsi kuchokera ku UPS imodzi (chipangizo cha batire chopereka magetsi a pakhoma akathima) yomwe ndinailumikiza ku seva ndi chingwe cha USB. Ndinaika pulogalamu ya NUT yoyang'anira UPS, moti magetsi akathima seva imayamba kuzima yokha. Poyamba UPS sinkadula magetsi, ndipo seva inkangokhala yozima mpaka ine nditapita kukaiyatsa. Nditaiuza UPS kuti izidula, inadula seva isanamalize kuzima, mafayilo ena n'kuwonongeka. Kodi ndiike masekondi angati kuti zimenezi zisachitikenso?

Yankho: Nambala ya masekondi ndikupatsani, koma ndikupemphani kuti muyambe mwaona kuti vuto lanu silinayambire pa nambalayo. Zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti lamulo lodula magetsi linafika ku UPS pa nthawi yolakwika, ndipo lamulo likatumizidwa pa nthawi yolakwika palibe nambala imene ingakutetezeni masiku onse. Chofunika kwambiri ndi malo amene lamulolo laikidwa m'ndondomeko ya kuzima kwa seva, ndipo masekondi amabwera pambuyo pake.

Munachita bwino kufuna kuti UPS izidula magetsi, ngakhale kuti ena amaona ngati n'zosafunika. Kompyuta imene yazima mwadongosolo simadziyatsa yokha pokhapokha bolodi yake yaikulu (motherboard) itaona kuti magetsi anachokeratu kenako n'kubweranso. Mu BIOS, pulogalamu ya pa bolodiyo yoyatsa kompyuta, muli chosankha chimene nthawi zambiri chimalembedwa kuti Restore on AC Power Loss, kapena mawu ena ofanana nawo, ndipo chiyenera kuikidwa pa Power On osati pa Last State, chifukwa seva yozima mwadongosolo imakumbukira kuti inali yozima ndipo ingakhale choncho. Koma ngakhale mutasankha bwino pamenepa, UPS ikapitiriza kupereka magetsi a m'batire mpaka a pakhoma atabwera, bolodiyo siona kusintha kulikonse. Kwa iyo magetsi sanachoke n'komwe. Palinso chifukwa chachiwiri chodulira, chomwe ndi kuteteza batire, popeza mabatire a mtovu ndi asidi amene ali m'ma UPS ambiri amawonongeka msanga akamathera mphamvu mpaka pansi mobwerezabwereza.

Tsopano taganizirani mmene UPS imamvera lamulo limeneli. Ikauzidwa kuti idule pakatha masekondi akutiakuti, imayamba kuwerenga, ndipo sidziwa chilichonse cha zimene zikuchitika m'kati mwa kompyuta. Sidziwa ngati madisiki amaliza kulemba, sidziwa ngati pulogalamu ina yakana kutseka, imangowerenga basi. Kompyuta nayonso ikalowa m'kati mwa kuzima, pulogalamu yolankhula ndi UPS imakhala itatsekedwa kale, choncho palibe amene angaiuze kuti idikire pang'ono. Pamenepa pali njira ziwiri zokha. Yoyamba ndi kutumiza lamulo poyambirira pa kuzima n'kuyerekeza kuti zonse zitenga nthawi yaitali bwanji. Yachiwiri ndi kutumiza lamulo kumapeto kwenikweni, pamene palibenso chimene chingawonongeke. Ine ndimalimbikitsa kwambiri yachiwiriyi, ndipo ndi mmene NUT inapangidwira kuti izigwirira ntchito.

Chimene chimagwetsa njira yoyamba n'choti nthawi ya kuzima kwa kompyuta si yokhazikika. Mukhoza kuyesa lero n'kupeza masekondi 40, n'kuika 60 poganiza kuti mwasiya mpata wokwanira. Koma tsiku limene magetsi athimadi, seva ikhoza kukhala ili pakati pokopera mafayilo aakulu, zambiri zikadali mu RAM (mosungira zinthu mwa kanthawi) zisanafike pa disiki. Pa Linux imene imagwiritsa ntchito systemd (yoyambitsa ndi kutseka mapulogalamu ena), pulogalamu imodzi ikakana kutseka, systemd nthawi zambiri imaidikira masekondi 90 isanaitseke mokakamiza, ndipo mapulogalamu awiri odalirana akachita zimenezi motsatizana, mphindi 3 zapita kale. Ngati muli ndi foda ya pa netiweki yochokera ku makina ena amene athima kale, kuimasula kumatha kutenga nthawi yochuluka kuposa pamenepo. Database yaikulu imafuna nthawi yake, ndipo makina a virtual (kompyuta yoyendetsedwa m'kati mwa inzake) aliyense amayenera kuzima payekha makina owanyamula asanazime. Zonsezi zimachitika kwambiri pa tsiku la vuto lenilenilo, osati pa tsiku labata limene munkayesa.

Tiyeni titsate mmene NUT imayendetsera nkhaniyi, chifukwa mukaimvetsa mudzaona nokha pamene panalakwika. Pulogalamu yotchedwa upsmon imayang'anira UPS nthawi zonse. Ikaona kuti UPS ili pa batire ndiponso kuti batire latsala pang'ono kutha, zomwe zimaoneka ngati OB ndi LB, upsmon ya pa seva yolumikizidwa ndi chingwe, imene NUT imaitcha primary, imalengeza chizindikiro cha FSD kuti makompyuta onse a pa UPS imeneyo ayambe kuzima. Kenako imadikira makompyuta enawo, otchedwa secondary, kuti atuluke, ndiko kuti asiye kulumikizana nayo, koma sipitirira nthawi ya HOSTSYNC, yomwe imakhala masekondi 15 ngati simunasinthe. Ikatero imadikiranso masekondi 5 a FINALDELAY, imalemba kafayilo kakang'ono kotchulidwa pa POWERDOWNFLAG, kamene kawirikawiri kamakhala /etc/killpower, n'kuitana lamulo la pa SHUTDOWNCMD kuti seva iyambe kuzima. Onani kuti mpaka pano UPS sinauzidwe chilichonse chokhudza kudula.

Ntchito ya kafayilo kaja ndi kukhala uthenga wosiyira gawo lomaliza la kuzima. Mapulogalamu onse akatsekedwa, madisiki n'kumasulidwa kapena kuikidwa poti angowerengedwa osalembedwanso, systemd imayendetsa chilichonse chimene chili mu foda ya /usr/lib/systemd/system-shutdown. NUT imaika m'menemo script (kapulogalamu kakang'ono) yotchedwa nutshutdown, imene imafunsa ngati kafayilo kaja kalipo. Ngati kalipo, imadziwa kuti kuzima kumeneku kwabwera chifukwa cha magetsi, osati chifukwa munthu wangofuna kuzimitsa seva, ndipo pamenepo m'pamene imatumiza lamulo la upsdrvctl shutdown. Apa UPS imayamba kuwerenga, koma ikuwerengera kompyuta imene yamaliza kale ntchito yonse yofunika. Ngakhale itadula pa sekondi yomweyo, mafayilo anu sangawonongeke.

Choncho chinthu choyamba choti muchite ndi kufufuza pamene munaika lamulo lodulalo. Anthu ambiri amalilemba mu SHUTDOWNCMD momwemo, kutsogolo kwa lamulo lozimitsa seva, kapena amaliika m'ka script koyenda chizindikiro cha LB chikangooneka, kapenanso amagwiritsa ntchito upscmd potumiza shutdown.return (lamulo loti UPS idule kenako ibwezere magetsi) pa nthawi imeneyo. Ngati munachita chimodzi mwa izi, chichotseni. SHUTDOWNCMD ikhale ndi lamulo lozimitsa seva lokha, POWERDOWNFLAG ikhale yolembedwa mu upsmon.conf, ndipo muonetsetse kuti nutshutdown ilipodi m'foda yake. Kafayilo ka POWERDOWNFLAG kakhale pa disiki imene imawerengekabe mpaka kumapeto, ndipo n'chimodzimodzinso fayilo ya ups.conf pamodzi ndi driver ya UPS yanu (pulogalamu yolankhula nayo mwachindunji), chifukwa pa nthawi imeneyo driver imayatsidwa mwatsopano kuti itumize lamulo limodzi lokhalo. Zikakhala pa disiki yomasulidwa kale, lamulo silipita, ndipo mudzabwerera ku vuto lanu loyamba lija la seva yosadziyatsa.

Lamulo likaikidwa pa malo ake, masekondi amakhala nkhani yaing'ono kwa seva yokhayo. Pa driver ya usbhid-ups, imene imagwira ntchito ndi ma UPS ambiri a USB, nthawi yodikira asanadule imatchedwa offdelay ndipo imayambira pa masekondi 20, pamene yodikira asanabwezere magetsi imatchedwa ondelay ndipo imayambira pa 30. Zonse ziwiri zimalembedwa mu ups.conf. Masekondi 20 ndi okwanira kuti madisiki aime ndi kuti seva izime yokha. Komabe pali msampha umene ndikufuna muudziwe. Si UPS iliyonse imene imamva nambala mmene mwailembera. Mitundu yambiri ya CyberPower imawerengera nthawiyi m'mphindi zathunthu ndipo imataya masekondi otsala, moti 20 amasanduka 0, UPS n'kudula nthawi yomweyo. Pa ma UPS amenewa offdelay isachepere 60, ndipo ondelay isachepere 120. Pa mtundu uliwonse, ondelay iyenera kukhala yaikulu kuposa offdelay, apo ayi UPS ikhoza kusokonezeka n'kulephera kubwezera magetsi. Lamulo la upsc limakuonetsani nambala zimene driver ikugwiritsa ntchito, pa mizere ya ups.delay.shutdown ndi ups.delay.start, koma chimene UPS imachitadi mudzachidziwa pokhapokha mutaiyesa ndi wotchi m'manja.

Kompyuta yanu yachiwiri ndi imene ikufuna kuti tiiganizire mofatsa, ndipo pano m'pamene anthu odziwa bwino ntchitoyi nawonso amaphonya. Ndanena kuti primary imadikira kuti secondary ituluke. Koma secondary imatuluka pamene yayamba kuzima, osati pamene yamaliza. Primary ikaona kuti mnzake watuluka imapitiriza ulendo wake, ndipo palibe uthenga wina umene udzabwere wonena kuti madisiki a kompyuta yachiwiri atsekedwa. Ngati seva yanu imazima msanga kuposa kompyuta inayo, idzafika kumapeto, idzauza UPS kuti idule, ndipo magetsi adzachoka kompyuta yachiwiri ikadali pakati pa ntchito. Seva idzapulumuka, koma inayo idzakumana ndi zomwe zinakuchitikirani zija.

Pamenepa ndiye kuti kuyeza nthawi sikungapeweke. Tiyerekeze kuti seva imatenga mphindi imodzi kuti izime, ndipo kompyuta yachiwiri ikachedwetsetsa imatenga mphindi 3. Kusiyana kwake ndi masekondi 120, ndipo nthawi imeneyi iyenera kupezeka penapake. Mukhoza kukweza offdelay kufika pa 180 kapena 240, kuti UPS idikire nthawi yaitali seva itazima kale. Mukhozanso kukweza FINALDELAY pa seva yokha, kuti iyo ichedwe kuyamba kuzima. Njira imene ine ndimaikonda kuposa zonsezi ndi kuzimitsa kompyuta yachiwiri msanga, isanafike n'komwe nthawi ya LB, pogwiritsa ntchito upssched, imene imatha kuyamba kuwerenga magetsi akangothima n'kuzimitsa makinawo pakatha mphindi zimene mwasankha, ndipo imasiya kuwerengako magetsi akabwera msanga. Ubwino wake ndi woti katundu wa pa batire amachepa, seva n'kukhala ndi nthawi yochulukirapo. Kuipa kwake n'koti magetsi akabwera batire lisanafike pa LB, UPS sidula, ndipo kompyuta yachiwiriyo idzafuna munthu woiyatsa kapena uthenga wa Wake-on-LAN (woyatsa kompyuta kudzera pa netiweki) wochokera ku seva. Pamene mukusankha makina oti akhale primary, sankhani amene amachedwa kwambiri kuzima ngati n'kotheka. Musaiwalenso kuti switch kapena router yolumikiza makompyuta awiriwa iyenera kukhala pa UPS yomweyo, chifukwa ikathima, secondary simva chizindikiro cha FSD.

Nthawi zonsezi mukaziphatikiza, batire liyenera kuzikwanitsa, ndipo apa pakubwera funso loti kuzima kuyambe liti. Sindikudziwa bwino ngati UPS yanu inadula chifukwa cha lamulo lokha, popeza n'zothekanso kuti batire linangotha panjira, ndipo kwa munthu woonerera zinthu ziwirizi zimafanana. UPS zambiri zimalengeza LB batire litatsala pang'ono kwambiri, potengera kuyerekeza kwake kwa mphindi zotsala. Kuyerekezaku kumasokonekera batire likamakalamba, ndipo mabatire a mtunduwu nthawi zambiri amafuna kusinthidwa pakatha zaka zitatu mpaka zisanu, msanga kuposa pamenepo ngati akukhala pamalo otentha. Kuwonjezera apo, mphamvu ya batire sitsika mofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi: kumapeto imagwa mofulumira, makamaka katundu akakhala wolemera, ndipo kompyuta ikamazima imatha kukoka magetsi ambiri kuposa ikangokhala, chifukwa madisiki onse amakhala akulemba. UPS yonena kuti kwatsala mphindi 3 ikhoza kungopereka imodzi.

Werengani motere. Phatikizani HOSTSYNC, FINALDELAY, nthawi yaitali kwambiri imene seva ingatenge, ndi offdelay. Zimene mwapezazo zichulukitseni kawiri, ndipo kuzima kuyambe pamene batire likadali ndi nthawi yoposa imeneyo. Ma UPS ena amalola kusintha battery.runtime.low kapena battery.charge.low (milingo yolengezera LB) kudzera pa lamulo la upsrw. Ngati yanu ikukana, lembani ignorelb mu ups.conf pamodzi ndi override.battery.runtime.low, kuti driver izidziwerengera yokha nthawi yolengezera LB m'malo modalira UPS. Ndikudziwa kuti zimawawa kuona seva ikuzima batire likadali ndi mphamvu, koma ntchito ya UPS yaing'ono ndi kukupatsani nthawi yotsekera zinthu mwadongosolo, ndipo mphamvu yotsalayo ili ndi ntchito inanso. Magetsi akabwera kenako n'kuthimanso pakangopita mphindi zochepa, seva imene yangoyaka kumene idzafunika batire loti liinyamule pamene ikuzimanso kachiwiri. Ma UPS ena ali ndi chosankha choti asabwezere magetsi mpaka batire litatchajidwa kufika pa mlingo winawake, chimene mu NUT chimaoneka ngati battery.charge.restart. Ngati yanu ili nacho, chigwiritseni ntchito.

Pali vuto lina limene limadza magetsi akabwera pakati pa kuzima. Mu NUT, FSD ikalengezedwa sibwezedwa, ndipo ndi bwino kuti zili choncho, chifukwa makina ozima mwatheka sangadzutsidwe mwadongosolo. Ma UPS ambiri akalandira lamulo la shutdown.return amadulabe magetsi kwa kanthawi ngakhale a pakhoma atabwera, kenako n'kubwezera, ndipo seva imayaka monga mwa masiku onse. Ena amanyalanyaza lamulolo akaona kuti magetsi alipo, moti seva imatsala yozima popanda choidzutsa. Mankhwala ake ndi oti, lamulo lodula likatumizidwa, seva isazime yokha koma ingodikira ili ndi madisiki otsekedwa, kwa nthawi yoposa offdelay. UPS ikadula, zonse zayenda bwino. Nthawi ikatha magetsi akadalipo, ndiye kuti UPS yakana, ndipo seva ingodziyambitsanso yokha. Mu nut.conf muli POWEROFF_WAIT yothandiza pa zimenezi, ngakhale kuti muyenera kuwerenga nutshutdown ya pa makina anu kuti muone ngati imaigwiritsadi ntchito.

Kwa amene akugwiritsa ntchito pulogalamu ya apcupsd m'malo mwa NUT, ndi UPS ya APC, maganizo ake ndi omwewa, mayina okha ndiwo osiyana. Kafayilo ka uthenga ndi /etc/apcupsd/powerfail, ndipo lamulo la kumapeto ndi apcupsd --killpower. Mulinso KILLDELAY, imene imawerenga masekondi kuchokera pamene kuzima kwayamba, koma imakhala pa 0, kutanthauza kuti sikugwira ntchito, ndipo inaikidwira makina amene sapereka mpata woyendetsa lamulo kumapeto. UPS yolumikizidwa pa netiweki osati pa USB ili m'gulu lofananalo, chifukwa pofika kumapeto netiweki imakhala itatsekedwa kale. Pa makina oterewa palibe kuchitira mwina, lamulo lipite msanga, koma nthawi yodikira ikhale mphindi zingapo kuposa kuzima kochedwetsetsa kumene munakuonapo.

Zonsezi muziyese tsiku limene muli ndi mpata, mafayilo ofunika mutawasunga kwina. Njira yosaika madisiki pangozi ndi kulumikiza makompyuta onse awiri ku magetsi a pakhoma, chingwe cha USB n'kuchisiya pa UPS, ndipo ku UPS n'kulumikizako nyale kuti ikhale katundu wake. UPS zina zimafuna katundu wolemererako kuti zichite monga zimachitira masiku onse, choncho nyale ikhale yokoka magetsi ooneka. Kenako lembani upsmon -c fsd pa seva, ndipo muziyang'ana zinthu zitatu ndi wotchi: nthawi imene kompyuta yachiwiri yazima, nthawi imene seva yazima, ndi nthawi imene nyale yathima. Nyale iyenera kukhala yomaliza, ndipo pakhale mpata wooneka. Popeza magetsi a pakhoma alipo pa kuyesaku, mudzaonanso nthawi yomweyo ngati UPS yanu imadula kapena imanyalanyaza lamulo magetsi akabwera pakati. Zikayenda bwino, bwezerani makompyuta pa UPS n'kuyesa kuthima kwenikweni. Ndi bwino kuthimitsa pa switch ya pakhoma kusiyana ndi kuzula pulagi, kuti waya wa earth ukhalebe wolumikizidwa. Chitani kuyesa kumodzi seva ili pakati pokopera mafayilo aakulu, chifukwa ndi pamene mudzaone nthawi yake yeniyeni. Makina akayaka, werengani mauthenga a kernel (phata la Linux) ndi lamulo la dmesg. Pa disiki ya ext4, mukaona mawu onena kuti journal (kaundula wa zolembedwa pa disiki) yakonzedwanso, ndiye kuti magetsi anachoka disiki isanatsekedwe, ndipo pali china chimene sichinakhale bwino. Lamulo la journalctl -b -1 lidzakuonetsani pulogalamu imene inachedwetsa kuzima kwapitako, ngakhale kuti zolembazo zimathera masekondi angapo kuzima kusanafike kumapeto.

Nambala zoyambira pa makina anu zikhale izi. Lamulo lodula likachoka pamene lili n'kupita kumapeto, ikani offdelay pa 120 ndi ondelay pa 180, nambala zimene zimagawika bwino ndi 60 ndipo sizingasokoneze UPS yowerengera m'mphindi. Kuzima kuyambe batire likadali ndi mphindi zosachepera 10, kapena kuposa pamenepo ngati kuwerengera kuja kwakupatsani nambala yaikulu. Mukayesa n'kupeza kuti kompyuta yachiwiri imamaliza mochedwa kuposa seva ndi masekondi opitirira 60, kwezani offdelay ndi ondelay pamodzi, kapena izimitseni msanga ndi upssched. Kuyesaku mukubwereze nthawi iliyonse imene mwasintha batire, mwaonjezera makina pa UPS, kapena mwakweza Linux yanu kupita pa mtundu watsopano, popeza pa kusintha kotereku mafayilo a ndondomeko ya kuzima amatha kusuntha kapena kulembedwanso.